Kuseri kwa Kabati Yachitatu

Ndine wa m'chipinda cha mafayilo, kumbuyo kwa maofesi a boma ku Chipata,
kumene dzuwa limangosuzumira n'kubwerera.
Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndikumeza fumbi la mayina a anthu,
makiyi ali m'chiuno.

Muno aliyense ali ndi kaminga kake m'thumba.
Yotamu dalaivala akakalipiridwa m'mawa,
madzulo galimoto imadwala chifuwa pamtunda wa Kanjala.
Dailesi wotayipa amaiwala ziro mmodzi,
mmodzi yekha,
pa alawansi ya amene anamutcha waulesi pagulu.
Sitikuwa ife.
Timati inde bwana,
kenako inki imatha.

Kanga kaminga kanali a Shawa.
Chaka chimene amayi anagonekedwa ku Mwami
ndinapempha masiku atatu.
Anayang'ana wotchi, osati ine,
nati boma silitseka chifukwa cha nkhalamba imodzi.
Ndinafika ku Vubwi atafotsera kale,
makasu atatsukidwa, abale akumetana.
Sindinalire.
Ndinasunga.

Atapuma pantchito, fayilo yawo inagwera m'manja mwanga,
yonenepa, yomangidwa ndi kachingwe kobiriwira.
Sindinaing'ambe. Sindine chigawenga ine.
Ndinangoitsetsereza kuseri kwa kabati yachitatu,
pamene khoma limachita thukuta m'dzinja.

Ankabwera mwezi ndi mwezi kuchokera ku Chadiza
kudzafunsa za penshoni.
Poyamba pa galimoto yawo, atamanga tayi.
Kenako pa minibasi.
Kenako pakaliyala ya njinga ya hayala kuchokera ku Kapata,
jekete likukula, iwo akuchepa.
Ankandivulira chipewa. Ine!
Ndinkayang'ana wotchi:
bwerani Lachiwiri, bambo, mwina ili ku Lusaka.
Ndisaname, zinkakoma
ngati nzimbe ya m'dimba la mwini,
ndinkaitafuna njira yonse mpaka kwathu ku Mchini
ndipo makoko sindinkalavula.

Lachiwiri lina panafika mtsikana,
duku lakuda, fumbi mpaka m'mawondo,
envelopu yakhaki yonyowa ndi thukuta la m'manja.
Ndine Tikambenji, anatero, mwana wa malemu a Shawa.
Atate anati ndifikire kwa inu,
akuti muno ndinu nokha amene simuiwala kanthu.

Ndinadikira anzanga apite kukadya.
Ndinakankha kabati ndi phewa.

Chiswe sichidziwa giredi ya munthu.
Chinadya tsiku limene analembedwa ntchito,
chinadya masitampa, masiginecha,
zaka makumi atatu ndi zitatu
n'kundisiyira dothi lofiira lomata khoma.
Kachingwe kokha kanali kamoyo,
kakumangabe zopanda kanthu.

Pansi panatsala kachidutswa, kukula ngati tikiti ya basi.
Dzanja lawo lija lopendekera kumanzere.
Deti la sabata ya maliro aja.
Dzina langa lonse, lolembedwa bwino,
ndi mawu awiri oyamba a pempho.
Kwinako kuli m'mimba mwa chiswe.

Ankapempha chiyani?
Kuti andichotse?
Kuti andikweze?
Kuti andipatse masiku atatu aja mochedwa?
Ndafunsa khoma, lati thukuta basi.

Mtsikana akadali pabenchi,
wakumbatira envelopu ngati khanda.
Wanjinga panja akuliza belu,
dzuwa likupendeka, mtengo ukukwera.
Ndapita pampopi kukasamba m'manja,
mpopi wangotsokomola mpweya.
Dothi lalowa m'zikhadabo.

Ndimuuze chiyani, pakuti pakamwa panga
padazolowera Lachiwiri?

Potembenuka ndaona Zakeyo pakhomo,
mnyamata watsopano uja
amene sabata yatha ndinamukaniza kukaona mkazi wake kuchipatala.
Sindikudziwa waima nthawi yaitali bwanji.
Wayang'ana kabati, wayang'ana manja anga,
wayang'ana shelefu imene pagona fayilo yanga.
Ndati, bweretsa tsache.
Wamwetulira pang'ono,
wati inde bwana.